Chala Chachikulu ndi Mkombaphala

Ndakhala ndikuphunzira gitala kwa zaka zinayi tsopano, ndipo mphunzitsi wanga wamkulu wakhala YouTube. Ndimagula bandulo ya usiku, n'kukhala pakhonde kuno ku Kamuzu Road udzudzu ukundidya, kuonera Tommy Emmanuel wa ku Australia kapena Sungha Jung wa ku South Korea, kubwereza kanema yemweyo mpaka foni kutentha. Kaimbidwe kamene kanandigwira mtima ndi kaja amati fingerstyle. Sukhwacha mawaya onse pamodzi ayi, umakodola waya umodziumodzi ndi zala, moti gitala imodzi imamveka ngati pali anthu atatu: wa besi, wa nyimbo ndi wa ng'oma. Mumtima ndinkati izi ndi za kunja. Kwathu kuno, ndinkatero, gitala timangoikhwacha m'kwaya, makodi atatu, basi.

Amene anandiwongola ndi agogo anga aamuna.

Munali mu June chaka chatha, mwera uli pachimake, asodzi atakokera mabwato kumtunda. Ndinapita kukawaona ku Senga Bay, gitala ili kumsana. Titadya, ndinati ndiwadabwitse pang'ono, ndiye ndinawaonetsa kanema wa pafoni. Anayang'ana kanthawi, atatsinzina diso limodzi.

"Nanga zala zonsezi zikulimbirana chiyani?" anatero. "Ngati ana pa mbale ya usipa. Tabwera nacho kuno chinthu chakocho."

Atailandira anayamba kupotokola makiyi.

"Agogo, mundisokonezera. Ndachuna ndi foni imeneyo."

"Foni yakoyo ikudziwa chiyani za khutu langa?"

Anamasula waya wina, n'kukunga wina. Anaitana kamsuweni kanga, kamtsikana ka zaka 11, kuti katenge botolo la Fanta ndi msomali. Anakaonetsa kamenyedwe kawiri kokha, kenako anayamba. Chala chachikulu chinkayenda pa mawaya okhuthala osapuma, mkombaphala n'kumalowa m'mipata pa mawaya opyapyala. Zala zitatu zotsalazo zinangotsamira pa thabwa, phee. Ankaimba ndi zala ziwiri zokha, koma nyumba yonse inadzaza.

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti munthuyu anagwirapo gitala. Nditawafunsa amayi madzulo ake, anangoseka. "Anasiya iwe usanabadwe," anatero.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa, kuwerenga ndi kumvera nyimbo zakale, kufuna kudziwa kumene zala ziwirizi zinachokera. Zimene ndapeza ndi izi.

Gitala isanafike, zala za makolo athu zinali kale pa ntchito. Kunali bangwe: thabwa lopyapyala, pamwamba pake chingwe chimodzi chachitali chopita ndi kubwerera mpaka kupanga nsambo zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, mbali ina ya thabwalo italowetsedwa m'chipanda kapena m'chitini kuti mawu akule. Kunali kaligo wa chingwe chimodzi. Kunali kalimba, yemwe amaimbidwa ndi zala zazikulu. Hugh Tracey, amene anayenda ndi makina ojambulira mawu m'maiko ambiri a kuno kummwera kwa Africa, anafika ku Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Mukamvera oimba bangwe amene iye anajambula, mumamva munthu mmodzi, chida chake, ndi madandaulo ake: za ukwati, za msonkho, za m'bale amene anachona. Gitala itabwera inakhala pa mpando womwewo. Inapeza nyimbo za munthu woimba yekha zilipo kale, inangozipatsa mawu atsopano.

Nanga inabwera bwanji? Inabwera pamsana pa anthu. Asilikali a King's African Rifles amene anakamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku East Africa ndi ku Burma anabwerako atamva nyimbo zachilendo, ena atanyamula magitala ndi mabanjo. Koma gulu lalikulu linali la opita kukafuna ntchito ku Halale, ku Bulawayo, ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia ndi ku Joni. Ambiri ankayenda wapansi kapena pa malole kudzera ku Tete, ena pa sitima.

Apa ndi pamene Salima wathu akulowa m'nkhaniyi. Mu 1935 mlatho wautali wa pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Dona Ana, unatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre inafika kuno kudzera ku Balaka ndi ku Chipoka. Kwa zaka zoposa 40 njanji inkathera pano. Ku Lilongwe inafika mu 1979. Ndiye kuti katundu ndi anthu ambiri a chigawo chapakati ankatsikira pa siteshoni yathu ija, imene lero timangoidutsa pa kabaza osaiyang'ana n'komwe. Wobwera kuchokera kunja ankatsika ndi sutikesi yachitsulo, jekete, mwina njinga, mwina makina osokera. Wachinyamata wokonda dzina ankawonjezerapo galamafoni ndi gitala.

Galamafoniyo ndiyo inali YouTube ya nthawi imeneyo. Kampani ya Gallo ya ku Johannesburg inkatulutsa mbale zozungulira ka 78 pa mphindi, nyimbo imodzi mbali iyi, ina mbali inayo, ndipo anyamata ankaizungulitsa mbaleyo mpaka kutha, kufuna kugwira zimene zala za woimbayo zinkachita. Kunali mbale za Jimmie Rodgers wa ku America, ndiponso za rumba ya ku Cuba, imene pakamwa pathu inasanduka lumba. Koma amene anawagwira mtima kwambiri anali anzawo akuda. George Sibanda wa ku Bulawayo anatchuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi gitala yake yokodola. Mu 1952, m'tauni ya migodi ya Jadotville ku Katanga, imene lero ndi Likasi, Tracey anajambula mnyamata wina wotchedwa Jean Bosco Mwenda akuimba "Masanga". Nyimbo imeneyi inafalikira mpaka ku Kenya, ku Ulaya ndi ku America, ndipo mpaka lero oimba fingerstyle a kunja amaiphunzira. Mwenda ankaimba ndi zala ziwiri, chachikulu ndi mkombaphala. Oimba ambiri a ku Katanga ankakhala ndi mnzawo pambali womenya botolo. Nditamva zimenezi ndinakumbukira botolo la Fanta lija, thupi langa lonse linachita tsemwe.

Kenako kunabwera wailesi. Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsa mawu ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'zilankhulo zingapo kuphatikizapo Chinyanja. Mu 1949 kunatuluka kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kamene kankagulidwa mapaundi 5. Mmodzi mwa oulutsa mawu otchuka kumeneko anali Alick Nkhata, woimba gitala wobadwira ku Kasama mu 1922, amene bambo ake anali Mtonga wochokera kuno ku Nyasaland. Munthu wokhala ku Chipoka kapena ku Khombedza, mudzi wake ukakhala ndi wailesi imodzi, ankatha kumva gitala ya ku Copperbelt ali pansi pa mtengo wa mango.

Ndipo athu sanangokhala omvera. Abale awiri a Paseli, Barry ndi Black, anaimba "Napolo", yonena za madzi amene anagumuka m'phiri la Zomba mu December 1946, ndipo nyimboyo inakhala ya fuko lonse. Ndiche Mwarare anatchuka ndi kaimbidwe kotchedwa hauyani, dzina lochokera ku Hawaii: gitala umaigoneka pamiyendo, n'kumatsetsereza botolo kapena mpeni pa mawaya, iyo n'kumalira ngati munthu. Agogo nawo amawadziwa mayina amenewa. Kachunidwe kena amakatchula kuti sipanishi, kena hauyani. Makodi ayi, alibe mayina. Amangoti "apa" ndi "apo".

Koma ngati pali dzina limodzi limene wokonda fingerstyle aliyense m'Malawi muno ayenera kulidziwa, ndi la Daniel Kachamba. Anabadwa mu 1947, kwawo kunali m'mudzi wa Singano ku Chileka. Bambo ake, James Kachamba, nawonso anali woimba gitala, ndipo banjali linakhalapo ku Salisbury chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nthawi imene nyimbo za kwela za ku Joni, zija za chitoliro chachitsulo za anthu ngati Spokes Mashiyane, zinali paliponse. Atabwerera kumudzi, Daniel ndi mng'ono wake Donald anapanga bandi: gitala, chitoliro, besi ya chingwe chimodzi ndi chisekese. Ankaimba m'misewu ndi m'malo a mowa a ku Blantyre. Mu 1967 anakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, amene anawajambula mawu ndi kanema, n'kulemba buku lonse lonena za bandi yawo. M'zaka za m'ma 1970 anakaimba ku Ulaya.

Daniel akakhala yekha ndi gitala ndi pamene umaona ukatswiri wake. Nthawi zambiri ankachotsa waya umodzi, n'kutsala ndi isanu. Anali ndi machunidwe akeake, aliwonse ndi dzina lake. Ankaimba lumba, sinjonjo, simanjemanje, gitala imodzi ikumveka ngati bandi. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald anapitiriza, anakaphunzitsapo ku University of California ku Los Angeles, ndipo anamwalira mu 2001. Mu 1995 ku America kunatuluka kanema wa Kubik wotchedwa African Guitar, wa oimba fingerstyle a mu Africa, ndipo Daniel Kachamba alimo pamodzi ndi Jean Bosco Mwenda. Tangoganizani: pamene ine ndinkathera bandulo pa anyamata a ku Seoul, kunja kuli anthu amene akhala akuimitsa kanema kuti aone zala za munthu wa ku Chileka.

Agogo anga analowa m'mbiri imeneyi chakumapeto. Mu 1971, ali ndi zaka 22, analembetsa Wenela. Achinyamata ambiri dzinali timangolidziwa ngati depoti ya mabasi ku Blantyre, koma linali bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku South Africa. Anakwera sitima pano pa Salima mpaka ku Blantyre, ndege kuchokera ku Chileka mpaka ku Francistown ku Botswana, kenako sitima ina mpaka ku Joni. Pa nthawiyo Amalawi a m'migodi imeneyo anali oposa 100,000.

Gitala anaiphunzira m'komboni ya mgodi, masiku a Lamlungu. Aphunzitsi awo anali awiri, Mshangani wina wa ku Mozambique ndi mkulu wina wa ku Mulanje. Ndati aphunzitsi, koma agogo amaseka ndikatero.

"Ndani ankakuphunzitsa? Unkaba ndi maso. Akakuona kuti ukuyang'anitsitsa zala, ankatembenuka n'kukupatsa msana. Kuti atembenukenso, ndudu ziwiri."

Anasunga ndalama n'kugula gitala yawoyawo, ya Gallotone. Kampani yomwe ija ya mbale inkagulitsanso magitala otchipa, olimba, a anthu a m'migodi ndi m'makomboni. Ena ankafika mpaka ku England: gitala imene John Lennon wa Beatles anayambira inali Gallotone Champion. Nditawauza agogo zimenezi anangoti, "Ndiye kuti nayenso zala zinamupweteka."

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi, ndipo m'miyezi yotsatira anthu zikwizikwi anabwerera kwawo. Agogo anali m'gulu limenelo. Anatsika sitima pa Salima ndi sutikesi, bulangete ndi Gallotone yawo.

Kwa zaka pafupifupi 18 ankaimba m'maukwati ndi pa mowa, kuyenda pa njinga kuchokera ku Senga Bay mpaka ku Lifuwu, nthawi zina mpaka ku Chipoka. Waya ukaduka ankasenda waya wa buleki ya njinga, kapena kumanga twaini wa asodzi. Pofuna kukweza mawu ankamanga pensulo ndi mphira pakhosi pa gitala, chimene ife timagula m'sitolo n'kumati kapo. Malipiro anali chipanda cha mowa, nsomba, nthawi zina tindalama. Ulemu panalibe. Woimba gitala ankatengedwa ngati chidakwa, munthu wosafuna khasu, woba akazi a eni. Agogo aakazi, amene anatisiya, akuti sankafuna kuiona m'nyumba.

Mu 1992 kunagwa chilala. M'nyumba munali ana asanu ndi mmodzi. Gitala inapita kwa mphunzitsi wina wa ku Dowa posinthana ndi ndowa ziwiri za chimanga. Agogo amanena zimenezi mosadandaula. "Inatidyetsa masabata atatu," amatero. "Ndi nyimbo iti inachitapo zimenezo?"

Palibe amene anawajambulapo. MBC, imene inayamba mu 1964, inali wailesi yokhayo kwa zaka pafupifupi 30, ndipo wofuna kuti nyimbo yake imveke ankayenera kukafika ku situdiyo ku Blantyre. Ena anafika, n'chifukwa chake lero tikudziwa Alan Namoko, wosaona wa ku Thyolo, ndi banjo yake, kapena Stonard Lungu ndi gitala yake. Koma msodzi wa ku Senga Bay akanapeza kuti ndalama ya sitima yopita ndi kubwerera, pofuna kukaimba nyimbo ziwiri? Kenako m'zaka za m'ma 1990 kunabwera makaseti, makiyibodi ndi reggae ya ku Balaka, lero mabiti a pakompyuta. Sindikunyoza, inenso ndimavina. Ndikungonena kuti munthu wokhala pampando ndi gitala yake anasowa malo, ndipo kaimbidwe kamene kankayenda kuchoka pa dzanja kupita pa dzanja kanayamba kuthera m'manja momwemo.

Sikuti zonse zinafa. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, anamveka dziko lonse lapansi pa TikTok atajambulanso nyimbo zake ndi Namadingo mu 2020. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ndi gitala ya mawaya anayi, akuzungulira Ulaya, ngakhale kuti iwo amakhwacha. Ndipo kuno kwathu kunyanja kumabwera zisangalalo zikuluzikulu: Lake of Stars inachitikira ku Senga Bay mu 2008 ndi 2018, Sand Music Festival nayo yachitikirapo kangapo pa mchenga womwewu. Anthu amachoka kutali kudzamva nyimbo ku Salima. Zaka zonsezo agogo ankamva mabesi ake ali chigonere m'nyumba mwawo, nyimbo zawo zili m'mutu, gitala alibe.

Tsopano Loweruka lililonse ndimakwera galimoto ya matola, makilomita pafupifupi 20, kupita kukaphunzira. Ndikuuzeni zoona, ndi zovuta kuposa chilichonse chimene ndinatenga pa intaneti. Ine ndinazolowera kuwerenga manambala a pa tab ndi kuwerenga wani, thu, firii, folo. Agogo sawerenga. Amati chala chachikulu ndi mkombaphala zili ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: wina akakweza munsi, wina amatsitsa, ndipo akangogundana ufa watayika. Chala changa chachikulu chimakonda kudikira chinzake, kapena kuima ndikayamba kuimba ndi pakamwa. Chikatero amachimenya ndi kamtengo.

"Iwe, chimenechi sichimva nkhani za eni. Chizingoyenda."

Kwa miyezi iwiri sanandilole kugwiritsa ntchito mkombaphala. Chala chachikulu chokha, mawaya awiri, botolo likulira pambali, mpaka anthu oyandikana nawo anayamba kundipatsa moni wa chisoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, aise. Tsiku limene zala ziwirizi zinalumikizana koyamba, kwa masekondi mwina 20, agogo sananene kanthu. Anangoyamba kuimba ndi pakamwa pamwamba pake, ndipo ndinadziwa kuti ndakhoza.

Chimene chikundithamangitsa ndi manja awo. Ali ndi zaka 76, nyamakazi yagwira mfundo za zala. Akaimba mphindi 15 amaika gitala pansi n'kumatikita dzanja. M'nyengo yozizira pali masiku amene sagwira n'komwe. Pofika lero ndajambula nyimbo zisanu ndi zinayi. Yachikhumi amaiyamba bwinobwino, koma ikafika pakati amaima, kuyang'ana kunyanja, kuyambiranso, kuimanso pomwepo. Akuti inali ya mkulu wa ku Mulanje uja, ndipo chigawo chachiwiri chinali chokoma kuposa choyamba. Tayesa miyezi inayi. Sichikubwera.

Tili ndi kagulu pa WhatsApp, anthu asanu ndi awiri okonda gitala, ena kuno ku Salima, wina ku Nkhotakota, awiri ku Lilongwe, mmodzi ku Cape Town. Kale tinkangotumizirana nyimbo za kunja zimene taphunzira, kupikisana kuti wachangu ndani. Nditapempha agogo kuti ndizitumizako makanema awo, anaika malamulo awiri. Loyamba, nkhope yawo isaoneke. "Ndine mkulu wa mpingo ine, zina mwa nyimbozi ndi za pa mowa." Lachiwiri, nyimbo iliyonse ndizinena kumene anaitenga: iyi ya Mshangani, iyi ya pa wailesi ya Lusaka imene anaimva kwa amalume awo, iyi yawo. Ndiye kamera ndimailozetsa pa dzanja lamanja, kenako pa lamanzere, kenako ndimajambula waya uliwonse paokha kuti anzanga amve kachunidwe.

Chimene chachitika sindinachiyembekezere. Wa ku Nkhotakota anakafunsa kwawo, n'kupeza kuti amalume a amayi ake ankaimba hauyani ndi mpeni wa patebulo, ndipo akadali moyo. Wa ku Cape Town anaonetsa kanemayo kwa mnzake wa ku Mozambique amene amagwira naye ntchito, ndipo mnzakeyo anati kaimbidweka kakumukumbutsa agogo ake a ku Gaza. Nanunso kafunseni kwanu. Funsani amene anapita ku Wenela kapena ku Theba, amene anakhalapo ku Halale, amene ankakonza njinga pamsika. Musafunse kuti "munali woimba?" chifukwa adzakana. Ingopitani ndi gitala, muiike pafupi, muone ngati dzanja silisuntha lokha.

Loweruka lapitali ndinachedwa, galimoto inafera pa Ngolowindo. Nditafika ndinamva gitala ikulira kuseri kwa nyumba, ija yakale imene ndinawasiyira. Kanali kamsuweni kanga kaja ka botolo, gitala itakakulira, chala chachikulu chikuyenda pa mawaya awiri. Agogo anali atakhala moyang'anana nako, mawondo kugundana, dzanja lawo lamanja lili m'mwamba kukaonetsa kayendedwe, kamtengo kaja kali pambali.

"Agogo, ndudu ziwiri zija walipira?" ndinafunsa.

"Uyu ndi waulere," anatero, osandiyang'ana. "Tatola botololo, watichedwetsa."